Ndabwerako ku Mansa ndi lilime lina

Amake Chisomo (Kapata):
Mwachoma bwanji nonse a m'gulu. Pali nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Lamlungu, ndiye ndati ndiitule pano. Ambiri mudziwa kuti ine ndi atate ake Chisomo tinakhala ku Mansa zaka 6 chifukwa cha ntchito yawo. Tsiku lomwe tinafika, aneba anatilandira ndi nsima ya chinangwa ndi katapa, ndiwo za masamba a chinangwa. Nditatema mbamu yoyamba inandikakamira kuzala, fungo la chinangwa choviika m'madzi linandifika mpaka pammero, ndipo ndinameza chifukwa cha ulemu chabe. Usiku umenewo ndinalira, ndimvekere kodi ndidzakhala bwanji kuno.

Lomba tabwerera kwathu. Lamlungu ndinapita kumudzi, amai anandiphikira nsima ya ufa woyera, chimanga chokonola okha mumtondo, ndi mnkhwani wotendera. Chakudya chomwe ndinkachilota zaka zonsezo. Ndinadya, ndinakhuta, koma m'kamwa munali ngati mwasowa kanthu. Ndinalakwa kuwauza kuti ndalakalaka ya chinangwa. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndiye kuti nsima yanga inaleka kukoma?" Mawu amenewo andipweteka mpaka lero. Kodi ena zinakuchitikirani, kuti chomwe munkanyansidwa nacho n'kukhala chomwe mukuchifunafuna pamsika?

aSakala a pa basi:
Amake Chisomo musadandaule, simuli nokha. Ine impwa ndinkazilavula ndili mwana, ndinkati anthu akulu amadyeranji mankhwala. Lero ndikaima pa Luangwa Bridge kapena pa Nyimba, ndikapeza nsima yopanda impwa ndimaona ngati andimana ndiwo. Sindidziwa n'komwe tsiku lomwe zinayamba kundikomera.

NaJere:
Pepani asisi. Amai sanakwiye ndi chinangwa ayi. Anakonola chimanga chija poganizira inu, mwina anayamba kuchiviika masiku atatu musanafike. Chomwe anamva n'chakuti mwana wawo anapita ndipo wabwera wina. Muwapatse nthawi.

Amake Chisomo (Kapata):
Ndi zimenezo asisi NaJere. Ndinaona mphale itayanikidwa pamphasa kuseri kwa nyumba, ndipo mtima unandiwawa kawiri.

aTembo aphunzitsi (Chadiza):
Ndiloleni ndiikepo mawu, popeza nkhaniyi ndimakambirana ndi ana kusukulu. Nsima ya chimanga yomwe timaitcha yeniyeni, makolo athu akalekale sanaidziwe. Chimanga kwawo ndi ku America, chinafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi. Chinangwa nachonso n'chochokera komweko, nshawa zathu za Chalimbana zomwe timanyadira kuno kum'mawa nazonso mbewu yake inachokera komweko, kandolo ndi tomato chimodzimodzi. Chakudya cha makolo chinali mapira ndi mawere. Ndiye panali tsiku lina, m'mudzi wina, mai wina anaphika nsima ya chimanga koyamba, ndipo ndikhulupirira kuti apongozi ake anaikankhira pambali nati si nsima iyi.

Ngakhale kapenta wa ku Siavonga amene timati ndi wathu. M'nyanja ya Kariba, komwe kuli Siavonga, munalibe kapenta, anachita kumutenga ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za m'ma 1960 n'kukamuika mmenemo. Lero anthu amakangana pamsika kuti wokoma ndi wa Siavonga kapena wa Mpulungu.

aZulu a ku Mtenguleni:
Aphunzitsi mwalankhula zoona, koma pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono. Chinthu chikakhala pakati pa anthu mibadwo yambiri chimasanduka chawo. Pa mwambo wa Angoni wa Nc'wala, Inkosi ya Makosi Mpezeni imalawa zoyamba kucha za m'munda, ndipo chimanga chimakhalapo. Simungandiuze kuti n'chachilendo. Chomwe ine chimandidetsa nkhawa ndi ana athu. Mdzukulu wanga wa zaka 7 akana thelele, akuti likoka. Akana bonongwe. Koma mukamuonetsa tchipisi ndi soseji amaiwala ndi dzina lake. Uku si kusintha kwa lilime, uku n'kutaya.

Dalitso wa ku UNZA:
Ambuya aZulu, mundikhululukire ndiyankheko monga mmodzi wa ana amene mukunenawo. Ine ndinakulira ku Katete, thelele la chidulo ndinalidya kuyambira ndili kumsana. Nditafika ku yunivesite ya UNZA ku Lusaka anzanga anandigulira pizza, ndinaluma kamodzi n'kuisiya, tchizi chinkandinunkhira ngati mkaka woonongeka. Lomba ndimaidya ndipo imandikomera, shawarma nayonso. Koma tikatsekera sukulu, chinthu choyamba chomwe ndimapempha amai pafoni ndisanakwere basi ndi thelele ndi nyemba za ku Lundazi. Chatsopano sichinathamangitse chakale. Zonse zili m'kamwa momwemo.

aZulu a ku Mtenguleni:
Iwe mdzukulu wanga unayamba ndi thelele, n'chifukwa chake ukulikumbukira. Nanga amene sanalilawepo adzakumbukira chiyani?

Dalitso wa ku UNZA:
Pamenepo ndagonja ambuya.

NaJere:
AZulu, mdzukulu wanuyo musamutaye mtima. Ine ndimagwira ntchito kusikelo ya ana, ndipo azimai amabwera ndi dandaulo lomwelo tsiku ndi tsiku. Mwana akakana chinthu kamodzi kapena kawiri, mai amati sachikonda, n'kuleka kumupatsa. Pamene mwana amafuna achione ndi kuchilawa kambirimbiri, ngakhale kakhumi, asanachilandire. Chachikulu musamukakamize ndi mkwapulo, chifukwa akadya akulira adzachida moyo wake wonse. Muikireni pang'ono m'mphepete mwa mbale, inu muzidya pamaso pake mukukambirana zina. Ndipo ana amadya bwino m'mbale imodzi ndi anzawo kusiyana ndi kudya okha. Kale tinkaphunzira ndiwo zowawa chifukwa ukachedwa anzako amatsiriza.

Za ine mwini. Zaka 3 zapitazo anandipeza ndi shuga. Ndinkathira masupuni anayi mu tiyi. Adokotala atandiletsa, sabata yoyamba tiyi ankamveka ngati madzi otsukira mbale, ndinkamwa misozi ili m'maso. Ndinatsitsa pang'onopang'ono, atatu, awiri, imodzi, kenaka osathira. Patapita miyezi iwiri mlamu wanga anandipatsa tiyi wothira shuga mosadziwa, ndinalephera kumumaliza, ankachita kundiwaula pakhosi. Nsima nayonso ndinasiya ya breakfast, ufa woyera wa m'sitolo uja, ndinayamba ya mgaiwa. Poyamba inkandikhala ngati ili ndi mchenga. Lero ya breakfast ndikadya ndimamva njala pasanathe maola awiri.

Amake Chisomo (Kapata):
Asisi, za mgaiwazo mwandikumbutsa. Kale kudya mgaiwa anthu ankati ndi umphawi, mlendo sunkamuphikira. Lero anthu a ndalama ndi amene akuufunafuna kuchigayo.

aDaka (Petauke):
Mwatchula umphawi, ndiye ndilowepo apa. Ine ndiona ngati tikukometsera nkhani. Ambiri a ife sitinasinthe chifukwa chofuna, thumba ndi lomwe linatisintha. Masoya pisi ndani ankawadziwa pamene nkhuku inali yogulika? Chaka cha 2024 mvula itadula, mpaka a Pulezidenti Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chija ndi tsoka la dziko, kwathu m'munda simunatuluke kanthu. Tinadya kandolo m'mawa ndi madzulo, tinadya maungu a m'dimba, masoya pisi anakhala nyama yathu. Magetsi nawo ankapita tsiku lonse, nyemba zofuna malasha ambiri tinazisiya. Kodi pamenepo tinganene kuti lilime lasintha?

aSakala a pa basi:
Nanga lomba aDaka, zinthu zitakhalako bwino, masoya pisi munasiya?

aDaka (Petauke):
Ayi, ndisaname, sitinasiye. Amake ana anapeza kaphikidwe kake. Amayamba awaviika m'madzi otentha, n'kuwafinya zolimba kuti kafungo kaja kachoke, kenaka amawakazinga mpaka afiire asanathire anyezi ndi tomato. Ana amawapempha ngakhale tsiku lomwe kuli nsomba. Koma ine ndikamadya ndimakumbukira chaka chija, ndiye sindiwadya ndi mtima wonse.

NaPhiri wa ku Katete:
ADaka mwakhudza pomwe ndinkafuna kufika. Chakudya chimanyamula chaka chomwe unachidyera. Amai anga mpaka lero safuna kuona chimanga chomwe si choyera. Mu 1992, chilala chachikulu chija, ine ndinali ndi zaka 9. Ndikumbukira tili pamzere ndi thumba kudikira chimanga chachikasu chothandiza anthu, chochokera kunja. Chinali ndi kafungo kake kokhalitsa m'matumba. Chaka chomwecho tinataya kamlongo kanga kakang'ono, kanadwala kali kofooka kale. Kwa amai mtundu wachikasu pa nsima ndi maliro.

Ndiye zaka zapitazi alangizi anabweretsa mbewu ya chimanga cha olenji, chija chili ndi vitamini A. Ine ndinabzala mizere ingapo. Nditaphika nsima yake amai anangoiyang'ana, n'kutuluka panja osanena kanthu. Ndinawafotokozera kuti si chija cha 1992, ichi n'cholimidwa m'munda mwathu momwe, koma sizinathandize.

aTembo aphunzitsi (Chadiza):
Pepani kwambiri NaPhiri chifukwa cha mwanayo. Chimanga cha olenji chinatulutsidwa muno m'Zambia mu 2012, ndipo vuto lomwe mwanenalo alangizi anakumana nalo m'midzi yambiri, anthu ankachisokoneza ndi chachikasu cha nthawi ya njala. Chifukwa chochibweretsera n'chakuti ana ambiri amasowa vitamini A, yomwe imathandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda. N'chifukwa chomwecho shuga wa m'masitolo anayamba kumuthira vitaminiyo kuyambira 1998. Koma nzeru ya m'buku siifika pomwe pali chilonda cha amai anu.

NaPhiri wa ku Katete:
Zoona aphunzitsi. Koma nkhani sinathere pamenepo. Chaka chatha chimanga chili chachiwisi, ana anga ankaotcha cha olenjicho pamoto madzulo, kuli mdima. Mwana wanga wamng'ono anabenthula n'kupatsa ambuya ake. Anadya, nati chimanga chotsekemera chotere mwachitenga kuti. Mwana n'kuwauza. Anakhala chete, koma anatsiriza chisononkho chonse. Kuyambira pamenepo chootcha ndi chophika amadya, phala la ana amalawako. Nsima yokha ndiyo ayi, ndipo ndinaleka kuwaumiriza.

Amake Chisomo (Kapata):
NaPhiri mwandiliza. Mulungu awasunge amai.

Bana Mwila:
Ndipempha malo, ine ndine mlendo wanu wa ku Kasama, ndinakwatiwa ku Sinda zaka 14 zapitazo. Chinyanja changa mundikhululukire. Amake Chisomo, nkhani yanu ndi yanga, koma yotembenuza. Inu mudziwa chimbuya cha ife ndi inu, timakunenani za mbewa kuyambira tili ana. Ndiye nditafika kwa apongozi nthawi yokolola itatha, anyamata anabwera ndi mbewa zodzaza kathumba. Ndinaona apongozi akuzichotsa matumbo, kuziwiritsa ndi mchere, n'kuziyanika pamoto mpaka ziume gwa. Ndinathawira kuchipinda. Apongozi sananditonze, sananene kanthu, anangondiphikira mazira.

Zaka ziwiri ndinkadya mazira anzanga akudya mbewa. Tsiku lina ndili ndi pakati pa Mwila, fungo lija la mbewa zouma pamoto linandikoka lokha. Ndinapempha kamodzi. Apongozi anandisankhira kapuku wonona, anandiuza kuti ndiyambire kumwendo. Ndinatsiriza atatu. Anaseka mpaka misozi, n'kundikumbatira, nati lero ndiye walowa m'banja. Lomba nyengo yake ikafika ndine woyamba kuimitsa anyamata pamsewu. Abale anga ku Kasama sakhulupirira.

aZulu a ku Mtenguleni:
Ambuya athu a ku Kasama mwalandiridwa. Apongozi anuwo ndi munthu wanzeru, zaka ziwiri kuphika mazira osadandaula si masewera.

Bana Mwila:
Ndi mai anga enieni, aZulu. Nawonso ndinawaphunzitsa chikanda, chija chopangidwa ndi timizu ta m'dambo ndi nshawa. Poyamba ankati nyama yanji yomera pansi. Lero pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika timagulitsa limodzi, iwo ndi amene amadula.

aTembo aphunzitsi (Chadiza):
Chikanda ndi chitsanzo chabwino. Ine ndili mwana kuno sitinkachiona kawirikawiri, chinali cha kumpoto. Lero chili paliponse, m'misika, pamaukwati, m'mabasi. Kukondedwa kwake kwafika poti timizu take tayamba kusowa m'madambo, amalonda amakatenga mpaka ku Tanzania kudzera pa Nakonde. Tomera tomwe timabala timizuto ukakumba tonse sitiphukanso msanga.

Bana Mwila:
N'chifukwa chake chadula aphunzitsi. Ndipo ena ayamba kuchulutsa nshawa ndi soda kuti chichuluke, ukadya umamva kuti si chenicheni, sichilimba bwino podula.

Mabvuto ku Joni:
Moni kwathu. Ndawerenga zonse ndili pa basi yopita kuntchito kuno ku Johannesburg, ndipo malovu adzaza m'kamwa. Ine kuno ndinavutika ndi pap, nsima ya kuno, anzanga ena amaiphika yothira mchere, ena yofewa yoti sungateme bwino. Ndinazolowera. Ndinaphunziranso kudya zakudya za Amwenye za tsabola wambiri, zomwe poyamba zinkanditulutsa thukuta ndi mamina. Koma chomwe chinandidabwitsa n'chakuti kwathu ku Lundazi mfutso sindinkaufuna, ndinkati ndiwo za m'chilimwe zosowa chochita. Chaka chatha mlongo wanga ananditumizira chikwatu cha mfutso wa khwanya ndi nsinjiro. Nditatsegula, fungo lija la masamba ouma ndi utsi wa kukhitchini ya amai linadzaza chipinda. Ndinakhala pansi. Ndinkaphika kadzanja kamodzi Lamlungu lililonse kuti usathe msanga.

NaJere:
Achimwene a Mabvuto, mutiuze amene akubwera kumeneko mwezi uno, tikutumizireni wina. Amai anafutsa wambiri chaka chino.

Mabvuto ku Joni:
Zikomo kwambiri asisi, ndikulemberani kumbali.

Dalitso wa ku UNZA:
Amake Chisomo, ine ndifuna kudziwa. Inu munati tsiku loyamba munalira. Nanga zinasintha liti? Munangodzuka tsiku lina ikukoma?

Amake Chisomo (Kapata):
Dalitso mwanawe, wandifunsa funso lomwe ndakhala ndikudzifunsa. Sizinali za tsiku limodzi. Chaka choyamba chonse ndinkagula ufa wa chimanga, ya chinangwa ndinkadya pamaliro ndi kutchalitchi pokha. Chaka chachiwiri ndinadwala malungo kwambiri, atate ake Chisomo ali kutali ndi ntchito. Aneba aja, mai wachikulire, anasamukira m'nyumba mwanga sabata yathunthu. Ankasambitsa ana, ankandiphikira. Analibe ufa wina koma wawo. Tsiku lomwe malungo anandisiya, njala inandigwira yoopsa, ndipo anandiikira nsima ya chinangwa yotentha ndi tinsomba ta chisense totendera. Anakhala pamphepete pa bedi akundiyang'ana ndikudya. Sindinadyepo chinthu chokoma chotero.

Nditachira anandiphunzitsa zonse. Kusenda, kuviika mumtsinje kapena mumgolo masiku angapo mpaka chifewe, kuyanika padzuwa, kusinja, kusefa. Anandiphunzitsa kuti ya chinangwa siiphikidwa ngati yathu. Madzi akawira umachotsa poto pamoto, n'kuthira ufa ukuvundula mwamsanga ndi mphamvu, ukachedwa imachita mabulu. Mkono umawawa. Mai uja anamwalira chaka chatha, tisanasamuke. Mwina n'chifukwa chake ndikuifuna chotere.

NaJere:
Amai munawauza zimenezi?

Amake Chisomo (Kapata):
Ayi asisi. Za malungo aja ndinawabisira kuti asade nkhawa ali kutali.

NaJere:
Muwauze. Mai aliyense afuna kudziwa amene anasamala mwana wake iye kulibe.

aSakala a pa basi:
Ndipo mukawaphikira musayambe ndi ya chinangwa chokhachokha. Ine ndinaona ku Serenje amasakaniza. Amayamba phala la ufa wa chimanga monga mwa masiku onse, likapsa n'kumalizira ndi ufa wa chinangwa pang'ono. Imatuluka yofewa bwino, fungo silimveka kwambiri.

aTembo aphunzitsi (Chadiza):
Chenjezo limodzi kwa amene mufuna kuyesa kupanga ufa nokha. Chinangwa chilipo chozuna ndi chowawa. Chowawacho chili ndi poizoni, n'chifukwa chake anzathu a ku Luapula amachiviika masiku angapo ndi kuchiyanika mpaka chiumitsitse. Musafupikitse njira chifukwa cha changu. Masamba ake nawonso, chigwada, asinjidwe ndi kuwira mokwanira.

Bana Mwila:
Amake Chisomo, mlongo wanga akubwera kuchokera ku Kasama Lachisanu. Ndamuuza kale anyamule ufa wa chinangwa wabwino, woyera, wosanunkha nkhungu. Ndikusungirani.

Amake Chisomo (Kapata):
Bana Mwila, Mulungu akudalitseni. Ndidzabwera ndekha ku Sinda.

Amake Chisomo (Kapata):
Mwauka bwanji a m'gulu. Ndabwera kudzakuuzani mmene zinathera, popeza munandithandiza. Loweruka ndinatenga ufa kwa Bana Mwila, ndinapitirira kumudzi. Madzulo ndisanaphike ndinakhala ndi amai pakhonde tikusenda nshawa, ndinawauza zonse, za malungo, za mai uja, za maliro ake. Anandikalipira kaye chifukwa chowabisira. Kenaka anafunsa dzina lake, anafunsa ngati anasiya ana, nati tidzawatchule m'pemphero.

Ndinaphika monga ananenera aSakala, yosakaniza, ndi thelele la chidulo lomwe amai anapanga okha. Anasamba m'manja, anatema mbamu, anaiumba nthawi yaitali. Anadya ziwiri. Yachitatu anaibweza m'mbale, nati mwana wanga ndayesa, koma ikukoka ngati ulimbo. Ndinawaphikira yawo ya ufa woyera, tinadya aliyense yake m'mbale imodzi ya thelele.

M'mawa ndikumanga katundu, ndinapeza pafupi ndi chikwama changa mtolo wa timitengo ta chinangwa womanga ndi luzi. Amai anapita m'bandakucha kukapempha kwa aneba a kutsidya kwa dambo. Anati mvula ikayamba ndidzabwere tidzabzale kumalire a munda, kumene kuli mchenga, kuti ndisamavutike kugula.

aZulu a ku Mtenguleni:
Mutipatsire moni kwa amai. Inenso dzulo mdzukulu wanga ananyambita thelele kuchala, kamodzi chabe, ndikuyang'ana kumbali monga ananenera NaJere.

aTembo aphunzitsi (Chadiza):
Amake Chisomo, muwafunse anebawo ngati ndi chozuna kapena chowawa. Ndipo timitengoto musatigoneke padzuwa, mutiimike pamthunzi, kumunsi kwake kukhudze dothi lonyowa, kuti tisaume mvula isanabwere.

Amake Chisomo (Kapata):
Akuti n'chozuna aphunzitsi. Ndinatisiya komweko kumudzi, amai atiimika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nkhokwe, ndipo akuti azitithirira okha.